Mphunzitsi Ayambe Watuluka

M'zaka za m'ma 1920, pa yunivesite ya Purdue ku America, Hermann Remmers anakonza fomu yoti ophunzira azinenerapo maganizo awo pa kaphunzitsidwe. Mafomu otere anafala, koma ankadzazidwa kosi ikamatha. Wodandaulayo sankaona kusintha kulikonse. Opindula anali a chaka chotsatira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Joseph Clark wa pa yunivesite ya Washington anayesa njira ina. Pakati pa temu, mphunzitsi ankatuluka m'kalasi, n'kulowamo munthu wapadera. Ophunzira ankakhala m'timagulu, n'kugwirizana zomwe zikuwathandiza ndi zomwe zikuwasokoneza. Mlendoyo ankakafotokozera mphunzitsi kumbali, osatchula dzina la munthu. Povuta panali pa kalasi yotsatira: mphunzitsi ankayenera kuima pamaso pa omudzudzulawo, n'kunena zimene asinthe ndi zimene wakana.