MAKWERERO A NCHITO ZA BOMA

Pa tsiku la 24 October 1964, pamene dziko la Northern Rhodesia linalandira ufulu ndi kuyamba kuchedwa Zambia, munali anthu oposa mamiliyoni 3 m'dzikomo. Koma mwa unyinji wonsewo, eni dziko okhala ndi digiri ya ku yunivesiti anangopitirira 100 pang'ono, ndipo amene anatsiriza sekondale ndi kupambana mayeso a School Certificate sanapose 1,500. Anthu owerengeka amenewa ndiwo anayenera kukhala pa mipando imene Azungu anali kusiya m'maofesi a Boma. Kodi cinacitika nciani kuti dziko lolemera ndi mkuwa likhale losauka cotere pa anthu ophunzira? Yankho lace lili m'mbiri ya nchito za Boma, pakuti malipiro a munthu anali omangika ku pepala la sukulu, ndipo khomo la sukulu linali lopapatiza.

Kufikira caka ca 1924 dziko lino linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Kampaniyo inasiyira amishoni nchito yophunzitsa ana, ndipo sukulu imodzi yokha yosakhala ya mishoni inali Barotse National School, imene inatsegulidwa mu 1907 ndi ndalama za msonkho wa Alozi. Cifukwa ca ici, Boma likafuna kalaliki kapena womasulira mau, kawirikawiri linali kutenga anyamata a ku Nyasaland, ophunzira ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Iwowa, pamodzi ndi apolisi ndi asilikali ocokera kum'mawa, anathandiza kufalitsa Cinyanja m'maboma ndi m'matauni.

Boma la Mangalande litatenga dziko mu 1924, nchito zace zinakhala ndi makwerero awiri. Makwerero a Azungu anali atali: mnyamata wotsiriza yunivesiti ku Mangalande anali kuphunzitsidwa za ulamuliro ku Oxford kapena ku Cambridge, nabwera kuno ngati bwana wamng'ono, nakwera kufikira pa u-DC kapena kuposa apo. Pamwamba pa malipiro ace anali kulandira nyumba ya ku mayadi, ulendo wa pa sitima wopita kwao kukapumula, ndi penshoni yabwino atakalamba. Makwerero a anthu akuda anali afupi: mesenjala, womasulira, kalaliki, wothandiza m'cipatala, mphunzitsi. Kalaliki wamkulu wa imvi, wodziwa milandu yonse ya m'boma lace, ndiye anali kusonyeza bwana wacinyamata njira ya nchito. Koma pa kutha kwa mwezi, wophunzitsidwayo anali kulandira mapaundi oculuka kangapo kuposa womphunzitsa. Mkuluyo akafunsa cifukwa, anali kuuzidwa kuti mpando wa pamwamba ufuna digiri. Tsono digiriyo inalibe poipezera m'dziko lonse.

Njira ya sukulu inali kuyambira ku Sub A ndi Sub B, nikwera ku Standard I kufikira Standard VI. Ana ambiri anali kulekezera pa Standard II kapena IV, popeza masukulu a pamwamba anali patalipatali ndipo anali olipira. Wofika pa Standard VI anali munthu womveka m'mudzi mwao. Pepala limenelo linali lokwanira kumlowetsa ukalaliki, uphunzitsi kapena upolisi. Za sekondale Boma linazengereza kufikira 1939, pamene Munali inatsegulidwa mu Lusaka ndi anyamata 11. Kumeneko Kenneth Kaunda anaphunzira kuyambira 1941 kufikira 1943, asanabwerere ku Lubwa kukaphunzitsa. Asungwana anayamba sekondale ku Chipembi mu 1946, ndipo ansembe a ku Chikuni anatsegula yao mu 1949.

Akuluakulu a nthawi imeneyo anali kunena kuti ndalama nzocepa, ndi kuti nkwabwino kuyamba ndi masukulu ang'ono a ana ambiri. Koma ndalama za mkuwa zinali ndi njira zace zoturukira. Gawo la msonkho wa makampani a migodi linali kutsalira ku London, kampani yakale ija inapitirira kulandira ndalama za mwini nthaka pa mkuwa wokumbidwa kufikira 1964, ndipo m'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, cuma cambiri cinapita ku Salisbury. Panalinso Azungu ena okhala kuno amene sanafune kuti munthu wakuda wophunzira adzalimbirane nao nchito.

Wofuna yunivesiti anayenera kuoloka malire. Ena anapita ku Fort Hare ku South Africa, ena ku Makerere ku Uganda. Harry Nkumbula anadzera ku Makerere nakafika ku London. Simon Kapwepwe anaphunzira ku India, nabwerako mu 1955. John Mwanakatwe, mmodzi mwa oyamba kulandira digiri, anaipeza kupyolera ku South Africa, ndipo pambuyo pace anakhala Nduna yoyamba ya Maphunziro m'Zambia. Amene analibe mwai wa bazale anali kuphunzira mwa makalata: usana ali pa nchito, usiku ali pa nyali ya parafini, kulemba mayankho otumiza pa positi. Mu 1957 koleji ya yunivesiti inatsegulidwa ku Salisbury, yotumikira maiko onse atatu a Citaganya. Valentine Musakanya, amene anadzakhala Mlembi wa Kabineti dziko litalandira ufulu, anaphunzira kumeneko. Koma kolejiyo inali kufuna mayeso a Form VI, ndipo masukulu a anthu akuda ofika pamenepo anali owerengeka ndi zala, kotero kuti olowako ocokera kuno anali ocepa caka ndi caka.

Anthu a ku Migodi anali kulidziwa bwino linga limeneli, pakuti linalinso pakati pao. Itapita sitalaka ya 1940, imene inaphetsa anthu 17 ku Nkana, funso la kukweza anchito akuda silinazimenso. Bungwe la Dalgleish linanena mu 1948 kuti nchito zina za Azungu zipatsidwe kwa eni dziko, koma cigwirizano ca anchito acizungu cinaumirira kuti aliyense wotenga nchito yotere alipidwe monga Mzungu. Mauwo anali okoma m'khutu, koma anali mpiringidzo, cifukwa makampani sanafune kulipira munthu wakuda ndalama zotere. Cigwirizano ca anchito akuda, cimene Lawrence Katilungu anatsogolera kuyambira 1949, cinalimbana nazo, ndipo mu 1955 nchito zowerengeka zinatseguka. Pa zaka zonsezi, bambo wotsika m'mgodi ndi nyali pa mphumi anali ndi pemphero limodzi: mwana wace agwire colembera, asagwire fosholo.

Ufulu utayandikira, bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linapereka uphungu wace mu 1963. Linati dziko likhale ndi yunivesiti yaceyace, yosadalira London, ndipo ilandire ophunzira otsiriza School Certificate, osadikira Form VI. Mfundo imeneyi ndiyo inakuza khomo lija. Ndalama zomangira zinapemphedwa kwa anthu onse, ndipo mutu umodzi susenza denga: anchito a m'migodi ndi a m'matauni anasonkha masheleni ao, a kumidzi anapereka nkhuku, mbuzi ndi za m'munda. M'mwezi wa March 1966 Yunivesiti ya Zambia inayamba kuphunzitsa ku Ridgeway mu Lusaka ndi ophunzira 312. Posacedwa inayambanso kuphunzitsa mwa makalata, kuti mphunzitsi wa ku Lundazi kapena kalaliki wa ku Mufulira apeze digiri osataya nchito yace. Sukulu yophunzitsa anchito a Boma, imene inadzachedwa NIPA, inali kusula amene analipo kale kuti akhoze kusenza maudindo atsopano.

Zaka zimenezo zinali za mwai waukuru kwa wokhala ndi pepala. Anyamata a zaka zosafika 35 anakhala alembi akuru a maunduna, nalowa m'nyumba za ku mayadi. Aphunzitsi ambiri anasiya coko nalowa m'maofesi, ndipo Boma linaitana ena ku Mangalande ndi ku India kudzadzaza malo ao. Komabe bvuto lina linatsala. Malipiro a pamwamba anali opimidwa pa moyo wa Mzungu, ndipo a pansi pa moyo wa m'komboni. Makwerero awiri aja atalumikizidwa kukhala amodzi, mtunda wa pakati pa bwana ndi mesenjala unakhalabe wautali. Pamene bungwe la Brown linaonjezera malipiro a anchito akuda a m'migodi ndi 22 pa 100 mu 1966, anchito a Boma naonso anapempha zao.

Kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1968 iri ndi mphamvu, koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 zinthu zinayamba kukwera mtengo kuposa malipiro. M'zaka za m'ma 1980 digiri inaleka kukhala ciphaso ca moyo wabwino, ndipo madotolo ndi aphunzitsi ambiri anapita ku Botswana, ku South Africa ndi ku Mangalande. Yunivesiti yaciwiri inakhazikika ku Kitwe mu 1987, koma kuyambira 1993 Boma linayamba kucepetsa anchito ace. Mu 2022 linacotsa ndalama za sukulu kufikira ku sekondale, ndipo makalasi anadzaza.

Motero bvuto linatembenuka. Mu 1964 mipando inali yambiri, okhalapo ndiwo anasowa. Pambuyo pace ophunzira anaculuka, mipando ndiyo inacepa. Koma mwana wa wa m'mgodi amene abvala mkanjo wa digiri ayenera kudziwa kumene khomo lace linacokera. Linatsegulidwa ndi akalaliki amene anakalambira pansi pa makwerero afupi, ndi makolo osadziwa kulemba amene anasonkha sheleni ndi nkhuku kuti ana a anthu ena akaphunzire.