Mwana akalemba 21 m'malo mwa 12

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha kamtsikana kena m'kalasi mwanga kanalemba 21 nditakauza kuti kalembe "doze". Ndinatsala pang'ono kukalipa. Kenako ndinakumbukira mbiri ya manambala imene tinaphunzira ku instituto, mtima unatsika.

Kuwerenga zinthu chimodzichimodzi n'kwakale kwambiri, ndipo umboni wina uli pafupi nafe. M'phanga la Border Cave, kumapiri a Lebombo amene ife timawatcha Libombos, anapeza fupa la nyani lotemedwa timizere 29, la zaka zoposa 40,000. Mu 1950 ku Ishango, m'dziko la Congo, anapezanso fupa lina limene timizere take tili m'magulumagulu.

Koma zoti 2 akakhala kumanzere ndi makumi awiri, akakhala kumanja ndi ziwiri zokha, zinabwera mochedwa zedi. Kalembedwe kathu aka kanachokera ku India, kumene Brahmagupta analemba malamulo owerengera ndi ziro mu 628. Cha m'ma 825, al-Khwarizmi anakafotokoza m'buku ku Baghdad, ndipo liwu lakuti "algarismo" limene timalitchula tsiku ndi tsiku ndi dzina lake lomwelo. Fibonacci anakaphunzira ku Béjaïa, kumpoto kwa Africa, n'kulemba Liber Abaci mu 1202. Kodi Azungu anakalandira msanga? Ayi ndithu. Mu 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence linaletsa anthu ake kugwiritsa manambalawa m'mabuku a ndalama. Chinthu chimene amalonda akuluakulu anachikayikira kwa mibadwo, ife tikufuna mwana wa zaka zisanu ku escolinha achimve m'sabata imodzi.

Apa ndi pamene chinenero chathu chimatithandiza. "Doze" anachokera ku Chilatini, duodecim, ziwiri ndi khumi, koma liwulo linaperepeseka moti mwana samvamo khumi. Chimodzimodzi onze, treze, catorze ndi quinze, amangoloweza ngati maina a anthu. Ife timati khumi ndi ziwiri. Timati makumi awiri ndi chimodzi. Dezenas ndi unidades zili kale m'kamwa mwa mwanayo asanaone bolodi. Malemu Paulus Gerdes ndi anzake anasonkhanitsa kawerengedwe ka zinenero zathu m'buku la A numeração em Moçambique mu 1993, chaka chomwecho chimene PEBIMO inayamba kuyesa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza.

Sindinganame, kawerengedwe kathu kali ndi polemera pake. Kamatsamira pa zala zisanu za dzanja, ndiye 27 ndi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pamsika palibe ali ndi nthawi imeneyo, amangoti vinte e sete, kapena kutchula m'Chingerezi monga anzathu a kutsidya kwa malire. Makolo ena amandifunsa ngati sindikuchedwetsa ana awo, popeza mayeso akutsogolo ndi a Chipwitikizi. Funsolo ndi lomveka. Ine ndimawayankha kuti liwu lalifupi ndi labwino kwa amene akudziwa kale chimene chili mkati mwake.

Lolemba ndinauza ana abwere ndi timitengo ndi luzi. Ndinatapa timitengo dzanja limodzi n'kufunsa, "Musanawerenge, tikwana khumi kapena tipitirira?" Wina anati zana, wina anati zitatu. Sindinaseke aliyense, chifukwa kuyerekeza kumakula ndi kuyesa, monga amayi ogulitsa matimati amadziwira kukula kwa mulu ndi maso. Tinawerenga, tikafika khumi n'kumanga mtolo. Mitolo kumanzere, totsala kumanja.

Kamtsikana kaja kanamanga mtolo umodzi, n'kutsala timitengo tiwiri. Kanati khumi ndi tiwiri, n'kulemba 12. "Doze" ndinakauza pambuyo pake. Lachitatu kanalembanso 31 m'malo mwa 13, ndiye luzi lija sitinalitaye.