Ku Joni ndi kutali bwanji? Zimadalira kuti ndiwe ndani

Mukafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg, yankho limabwera msanga: makilomita pafupifupi 1,500 mumlengalenga, ulendo wa maola awiri ndi theka pa ndege. Manambalawa ndi oona, koma sakuuzani amene amayenda maola awiri ndi thekawo. Mbiri ya anthu a kunyanja kuno, kuyambira ku Nkhunga mpaka ku Nkhata Bay, ikuonetsa kuti mtundawo sunasinthepo, koma kutalika kwa ulendo kwakhala kukudalira amene akukufuna.

Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba, amuna ambiri anayamba kupita kummwera kukasaka ndalama. Ankayenda wapansi, kudutsa ku Mozambique ndi Southern Rhodesia, akumagwira ganyu m'njira. Ulendo unkatenga miyezi, mwinanso zaka. Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, anachoka kwawo mu 1915 koma anakafika ku Cape Town mu 1918. Ena sanabwerenso, ndipo mpaka lero timawatcha machona.

Kenaka kunabwera Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide. Migodi inkafuna anthu ambiri, mwachangu komanso motsika mtengo, choncho Wenela inakhala ndi ndege zakezake. Munthu amene sanakwerepo galimoto yabwino ankakwezedwa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kukamaliza ulendo pa sitima yapamtunda. Ulendo wa miyezi uja unasanduka wa masiku ochepa. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown. Mwa omwalirawo, 74 anali Amalawi omwe anali atamaliza kontirakiti. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitozi. Zinayambiranso mu 1977, bungwelo likudziwika ndi dzina loti Theba, koma mu 1988 zinatheratu kutabuka mkangano pa zoyeza magazi a Amalawi pofufuza HIV.

Migodi itasiya kutifuna, ndege nayo inasiya kunyamula osauka. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983 ndipo ndege za ku Johannesburg zimanyamuka pamenepo, koma mnyamata wa ku Nkhunga wopita kukasaka ganyu sadzera kumeneko. Amakwera minibasi mumsewu wa M5, kenaka basi yodutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndi ulendo wa masiku awiri, ngati zinthu zayenda bwino pazipata. Ngakhale amene ali ndi tikiti ya ndege amatha nthawi yambiri kuchoka ku Dwangwa kukafika ku Lumbadzi kuposa imene amakhala mumlengalenga.

Ena amakumbukira nthawi ya Theba mokoma, ati agogo athu ankakwera ndege n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi masutikesi. Sindikutsutsa. Koma ndegeyo sinali yawo, inali ya mwini mgodi amene ankawerengera masiku a ntchito. Maganizo anga ndi akuti chitukuko tisamachiyeze ndi liwiro la ndege. Tizifunsa ngati mwana wa msodzi angathe kupeza ntchito kwawo konkuno, kuti akapita ku Joni akhale kuti wasankha yekha, osati wathamangitsidwa ndi njala.