Mmene Bayoloje Inafikira Wophunzira Amene Sangasiye Ntchito

Munthu woyeza magazi m'chipatala, mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, kapena mlangizi wa zankhalango akafuna digiri ya masitazi, funso loyamba silikhala la nzeru zake. Limakhala lakuti: ndikachoka pantchito zaka ziwiri, ana adya chiyani? Lero ambiri amayankha polembetsa maphunziro a pa intaneti. Koma njirayi inalambulidwa kale kompyuta isanabwere, ndipo pa bayoloje inali yaminga kuposa pa maphunziro ena. Malamulo ndi mbiri munthu angaphunzire ndi buku lokha. Bayoloje imafuna diso lozolowera maikulosikopu ndi dzanja losanjenjemera.

Mu 1858 University of London inaloledwa kuyesa mayeso ndi kupereka madigiri kwa anthu amene sanakhalepo m'kalasi mwake, ndipo mu 1865 mayeso ake analembedwa kutali ku Mauritius. Komabe iyo inkangoyesa, sinkaphunzitsa. Amene analimba mtima kuphunzitsa sayansi ya zachilengedwe kudzera m'makalata anali amayi a ku Boston. Mu 1873 Anna Eliot Ticknor anayambitsa bungwe lothandiza akazi kuphunzira ali pakhomo, ndipo gawo la sayansi linadzakhala m'manja mwa Ellen Swallow Richards, mkazi woyamba kulandiridwa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT. Richards anazindikira kuti kalata yokha siikwanira. Ankatumiza pa positi miyala, zinthu zina zoti wophunzira azipende, ngakhale mamaikulosikopu, kuti mayi amene ali kutali aone ndi maso ake asanalembe yankho. Bungweli linatha mu 1897, koma nzeru yonyamula labotale n'kuitumiza kwa wophunzira inatsala.

Zaka zambiri zotsatira, sukulu za makalata zinachuluka koma sayansi inatsalira m'mbuyo. Yunivesite ya UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946, ndipo kwathu Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965 kuthandiza amene sanapeze malo ku sekondale. Anthu anapindula kwambiri, ngakhale kuti maphunziro ofuna labotale ndiwo ankavuta kutumiza.

Dziko limene linalimbana ndi vutoli mosaopa ndalama ndi Britain. Open University, imene Harold Wilson anailota ndipo Jennie Lee anaimenyera nkhondo m'boma, inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba pafupifupi 25,000 mu 1971. Wolembetsa sayansi ankalandira bokosi lalikulu pakhomo: mabotolo a mankhwala, sikelo, timachubu tagalasi, ndi maikulosikopu yaing'ono yokwana m'dzanja. Maikulosikopu imeneyo inali yotengera imene anapanga Dr John McArthur, dokotala amene ankafufuza malungo ndipo ankafuna chida choti anganyamule kutchire. Chida chopangidwira wofufuza udzudzu chinakathera pa tebulo lodyera la kalaliki wa ku Leeds. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi ndi pa wailesi yakanema ya BBC, kawirikawiri usiku kwambiri kapena m'mamawa, ndipo m'chilimwe ophunzira ankasonkhana kwa sabata imodzi pa yunivesite ina kuti agwire zida zenizeni. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhani yonse inapindukira, chifukwa Open University inasonyeza kuti munthu wamkulu, wotopa ndi ntchito, angathe kuchita sayansi yolemekezeka ngati wina waganizira bwino za manja ake. Anthu amene ankanyoza kuti digiri ya pa wailesi ndi yachabe anadzakhala chete ataona omaliza maphunzirowo.

Intaneti itafika m'ma 1990, inathetsa kudikira. Kale funso linkayenda masabata awiri pa positi, tsopano linkayankhidwa tsiku lomwelo. Koma panachitikanso chinthu china chimene ambiri sachitchula: bayoloje yeniyeniyo inasamukira mu kompyuta. Nkhokwe ya GenBank yosunga ndondomeko za DNA inayamba mu 1982, pulogalamu ya BLAST yoyerekezera ndondomekozo inatuluka mu 1990, ndipo ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu inalengezedwa kuti yatha mu 2003. Kuyambira pamenepo, wofufuza akhoza kutsata mmene kachilombo kakusinthira osagwira ngakhale chubu chimodzi. Wophunzira wa kutali sanalinso wosowa pa gawo limeneli, popeza nkhokwe imene amatsegula ndi yomweyo imene pulofesa amatsegula.

Masitazi a anthu apantchito anakula m'nyengo imeneyi. London School of Hygiene and Tropical Medicine inayamba maphunziro a patali mu 1998, ndipo ina mwa madigiri ake ndi ya matenda opatsirana. Ku America, Montana State University inakonzera aphunzitsi a sayansi masitazi ophunzira pa intaneti m'kati mwa chaka, n'kumapita kutchire la Yellowstone sukulu zikatsekera. Miami University ya ku Ohio inagwirizana ndi malo osungira nyama kuti ophunzira ake azichitirako kafukufuku. Commonwealth nayo inayamba kulipirira maphunziro a patali, ndipo zimenezi zinapatsa mwayi anthu a m'mayiko ngati Malawi ndi Zambia kuphunzira ku Britain osasiya odwala kapena ana asukulu awo.

Pamenepa masukulu anatulukira chimene chinalipo kale. Wophunzira wapantchito safunika kumutumizira labotale, ali nayo. Woyeza makhololo a TB tsiku ndi tsiku waona zambiri pa maikulosikopu kuposa mnyamata wongomaliza digiri yoyamba. Chimene akusowa ndi maziko ake: chifukwa chimene mankhwala amalekera kugwira ntchito, mmene ziwerengero amazisanthulira, mmene pepala la kafukufuku amaliwerengera mosakhulupirira zilizonse. Maphunziro abwino amamanga pa ntchito imeneyi, ndipo kafukufuku wa wophunzira amachokera pa benchi yake yomwe.

Mu 2012 kunabwera phokoso la Coursera ndi edX, masamba a maphunziro a pa intaneti, ndipo mu 2013 Eric Lander wa ku MIT anaphunzitsa chiyambi cha bayoloje kwaulere kwa anthu masauzande. Olembetsa anali ochuluka, omaliza ochepa. Chimene chinayenda bwino ku Africa chinali chosapokosera: kuyambira 2016 gulu la H3ABioNet linkaphunzitsa kusanthula DNA pa kompyuta kudzera pa intaneti, koma ophunzira ankasonkhana m'makalasi a m'mayiko awo, pali wowathandiza pomwepo. Munthu wophunzira yekha usiku amagwa ulesi msanga, ndipo iwo anadziwa zimenezo.

Covid-19 itatseka masukulu mu 2020, aphunzitsi a bayoloje anathamangira ku malabotale ojambula a pa kompyuta, ena n'kubwerera ku mabokosi otumiza pakhomo. Zojambulazo zimaphunzitsa ndondomeko, koma sizisonyeza mbale imene yamera nkhungu chifukwa choti wina anaitsegula mosasamala, ndipo wasayansi amakula pofufuza chimene chalakwika. N'chifukwa chake wosankha masitazi otere ayenera kufunsa, asanalipire, kuti kafukufuku wake adzachitira kuti, adzamuyang'anira ndani, ndipo woyang'anirayo ali ndi ophunzira angati.