Makalavati a ku Keko: Kuteteza Misewu Poyambira Kumtunda kwa Madzi

Keko ndi dera la m'boma la Temeke mumzinda wa Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania. Lili pakati pa msewu wa Nyerere ndi msewu wa Kilwa, pafupi ndi doko lomwe katundu wambiri wa ku Malawi ndi ku Zambia amafikira. Derali limadziwika ndi ndende ya Keko komanso amisiri okhoma mipando. Mbali zake zina, monga Keko Mwanga ndi Keko Machungwa, zili motsetsereka ndi m'chigwa momwe nyumba zinamangidwa mothithikana, popanda mapulani a mzinda.

Kalavati ndi mpope waukulu kapena bokosi la konkire lomwe limadutsitsa madzi pansi pa msewu. Akatswiri amayeza kukula kwake potengera mvula yomwe inalembedwa zaka zam'mbuyo komanso kuchuluka kwa madzi omwe nthaka ya kumtunda imamwa. Ku Keko zonse ziwirizi sizilinso monga kale. Nthaka yambiri inaphimbidwa ndi malata ndi simenti, choncho madzi omwe ankalowa pansi tsopano amathamangira m'ngalande nthawi imodzi. Akatswiri a zanyengo akuyembekezanso kuti mvula yamkuntho izigwa kawirikawiri kum'mawa kwa Africa pamene dziko likutentha. Mzindawu umalandira mvula kawiri pachaka: yambiri kuyambira Marichi mpaka Meyi, ndi yocheperapo kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Ngakhale yachiwiriyi imadziwika kuti ndi yochepa, ndi yomwe inapha anthu oposa 40 mu Disembala 2011.

Kawirikawiri kalavati salephera chifukwa chongochepa. Amatsekeka ndi mchenga, matope, mabotolo ndi zinyalala zina. Madzi akasowa podutsa amabwerera m'nyumba za anthu, kenako amasefukira pamwamba pa msewu n'kukumba dothi la kumusi mpaka phula litagumuka. Boma la Tanzania linaletsa majumbo apulasitiki pa 1 Juni 2019, koma lamuloli silinakhudze mabotolo.

Apa ndi pomwe njira zodalira chilengedwe zimathandiza, chifukwa zimagwira ntchito madzi asanafike pakalavati. Udzu wa vetiva, womwe alimi a ku Malawi amaudzala m'migula ya m'minda, uli ndi mizu yotha kulowa pansi mamita 3. Ukadzalidwa m'mizere m'mbali mwa ngalande ndi pakamwa pa kalavati, umagwira dothi ndi kusefa mchenga. Ngalande zotakasuka zodzalidwa udzu zimachepetsa liwiro la madzi, pomwe za konkire zimangowafulumizitsira kwa anthu a kumusi. Maiwe ndi madambo osungidwa dala amagwira madzi kwa maola angapo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Njirazi sizilowa m'malo mwa konkire: kalavati wochepa kwambiri ayenera kukulitsidwa ndithu. Chomwe zimachita n'kuchepetsa katundu yemwe kalavatiyo amasenza.

Zina mwa izi zayamba kulowa m'mapulani a mzindawu. Mu 2015 Banki ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 300 miliyoni ya ntchito yotchedwa Dar es Salaam Metropolitan Development Project, yomwe inamanga misewu ndi ngalande m'maboma a Temeke, Ilala ndi Kinondoni. Chaka chomwecho kunayamba Ramani Huria, ntchito yomwe ophunzira a m'mayunivesite pamodzi ndi eni madera anajambula mapu a malo osefukira madzi, ndipo pambuyo pake anayeza ngalande ndi makalavati. Mu 2022 bankiyo inavomerezanso madola 200 miliyoni okonzera chigwa cha mtsinje wa Msimbazi, kumpoto kwa Keko, komwe mbali ya malo osefukira inakonzedwa kuti ikhale paki yolandira madzi.

Vuto la Keko ndi malo. Dziwe lililonse kapena mzere wa udzu umafuna nthaka, ndipo nthaka ya m'chigwa ndi yomwe anthu osauka amakhalapo kuti akhale pafupi ndi ntchito za kudoko, kumafakitale ndi kumsika wa Kariakoo. Mabanja omwe anasamutsidwa m'zigwa za mzindawu chigumula cha 2011 chitachitika anapatsidwa malo ku Mabwepande, kutali kumpoto, ndipo ena anabwerera chifukwa kumeneko kunalibe pogwira ntchito.

Palinso nkhani ya chisamaliro. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la TANROADS, ing'onoing'ono m'manja mwa TARURA lomwe linakhazikitsidwa mu 2017, pomwe zinyalala ndi udindo wa khonsolo ya Temeke. Vetiva amafunika kumwetedwa ndipo dziwe limafunika kuchotsedwa mchenga mvula ya Marichi isanayambe, kotero mabungwe atatuwa ayenera kugwirizana za yemwe azilipira ntchitoyi chaka ndi chaka.