Khomo la pa Fox Street: Mbiri ya Maloya Mandela ndi Tambo

Tikamakumbukira Nelson Mandela ndi Oliver Tambo, ambirife timaganiza za mkaidi amene anakhala m'ndende zaka 27, ndi mtsogoleri wa ANC amene anakhala kunja kwa dziko lake zaka 30. Koma asanatchuke motero, awiriwa anali maloya mumzinda wa Johannesburg. Mbiri ya ofesi yawo imasonyeza zimene loya angathe kuchitira munthu woponderezedwa, komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Chipani cha National Party chitatenga boma la South Africa mu 1948, tsankho limene linalipo kale linakhwimitsidwa ndi malamulo atsopano. Mu 1950 kunabwera lamulo lolemba munthu aliyense m'kaundula potengera khungu lake, ndiponso lina logawa malo okhala potengera mtundu. Mu 1952 boma linalamula kuti amuna akuda aziyenda ndi kabuku ka chitupa kulikonse. Wopezeka wopanda kabukuko ankagona m'chitokosi. Makolo athu amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ndi m'nyumba za azungu ankawadziwa bwino mantha a chitupa amenewa.

M'chaka chomwecho cha 1952, Mandela ndi Tambo, amene anaphunzirapo pa koleji ya Fort Hare, anatsegula ofesi yawo m'nyumba yotchedwa Chancellor House, mumsewu wa Fox, moyang'anizana ndi bwalo la majisitireti. Nyumbayo inali ya amwenye, ndipo inali imodzi mwa nyumba zochepa pakati pa mzinda zimene munthu wakuda akanatha kuchitamo lendi. Maloya akuda analipo ena, koma pa nthawiyo imeneyi ndiyo inali kampani yokhayo ya maloya akuda mumzindawo.

M'mawa uliwonse anthu ankadzaza m'makonde ndi pa masitepe. Ena anali alimi othamangitsidwa pa malo amene makolo awo analimapo kwa mibadwo, ena anali amayi omangidwa chifukwa chofulula mowa kuti adyetse ana, enanso anali amuna ochotsedwa m'tauni chifukwa chidindo cha m'chitupa chinali chitatha. Milandu yake inkaoneka yaing'ono, koma kwa mwini wake inali nkhani ya nyumba, ntchito ndi banja. Tambo, munthu wofatsa amene poyamba anali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, ankadziwika ndi kusanthula nkhani modekha. Mandela ankamveka kwambiri m'bwalo, kumene ankapanikiza apolisi ndi mafunso pamaso pa anthu amene sanazolowere kuona mzungu akufunsidwa ndi munthu wakuda.

Malamulo amene ankasautsa anthuwo sanawasiye maloyawo. Akuluakulu a boma anakana kuwapatsa chilolezo chopitiriza kugwira ntchito m'tauni, nawauza kuti asamukire kumalokeshoni. Iwo anakana, ndipo anakhalabe pa Fox Street mophwanya lamulo. Mu 1954 bungwe la maloya la chigawo cha Transvaal linapempha khoti kuti lifafanize dzina la Mandela m'kaundula wa maloya, chifukwa anali atapezeka wolakwa potsogolera zionetsero zokana malamulo a tsankho mu 1952. Loya wamkulu Walter Pollak anamuimira kwaulere, ndipo woweruza Ramsbottom anakana pempholo, poona kuti kumenyera zimene munthu amakhulupirira pa ndale si khalidwe lochititsa manyazi ntchito ya uloya.

Koma si nthawi zonse pamene khoti linkaima ndi choonadi. Godfrey Pitje, amene ankaphunzira ntchito mu ofesi yomweyo, anakana kukhala pa tebulo la maloya akuda m'bwalo la ku Boksburg, ndipo anapatsidwa chilango chonyoza khoti. Mu 1960 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chilangocho. Apa zinaonekera poyera kuti loya angapulumutse munthu mmodzi lero ndi wina mawa, koma lamulo lenilenilo likakhala lokhota, mawa lake mzere wa pa masitepe udzakhala wautali monga dzulo.

Mu Disembala 1956 onse awiri anamangidwa pamodzi ndi anthu ena, onse pamodzi 156, pa mlandu woukira boma. Tambo anamasulidwa pa mlanduwo patapita chaka, koma Mandela anazengedwa mpaka mu Malichi 1961 pamene khoti linati alibe mlandu. M'zaka zimenezo ntchito ya ofesi inalowa pansi. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa zionetsero zokana zitupa. Patangopita masiku ochepa Tambo anatuluka m'dzikomo, boma linaletsa ANC, ndipo ofesi ya pa Fox Street inatsekedwa. Banja la Tambo linakakhazikika ku London, pamene iye ankatsogolera chipani kuchokera ku Lusaka, mpaka anabwerera kwawo mu 1990, chaka chimene Mandela anatuluka m'ndende.

Kodi tinganene kuti zaka zisanu ndi zitatu zimenezo zinapita pachabe? Ayi. Mlimi amene anabwezeredwa munda wake ndi mayi amene sanagone m'ndende analandira thandizo lenileni. Ndipo maloyawo, pomva madandaulo omwewo tsiku ndi tsiku, anaona ndi maso awo mmene tsankho linkagwirira ntchito pakhomo pa munthu wamba. Chancellor House, imene inakhala bwinja kwa zaka zambiri, inakonzedwanso ndipo ndi malo achikumbutso.

Ife amene tikukhala m'maiko a eni tikudziwa kulemera kwa pepala lokhala ndi chidindo. Mbale wathu akasautsidwa pa ntchito kapena pa nkhani ya mapepala chifukwa cha khungu kapena kumene anachokera, tisamuuze kuti angopirira. Timuperekeze kwa odziwa malamulo. Ndipo pamene lamulo lenilenilo lili lopondereza, tikumbukire kuti mutu umodzi susenza denga.