Mphunzitsi wa Chingerezi: Ulendo Wochokera ku Mlanda ndi Nzama Kukafika ku Yunivesite

M'nkhani yathu ya mbiri yakale lero tipita ku Ntcheu, dziko la Angoni a kwa Gomani, kuti tikaone m'mene ntchito yosula aphunzitsi a Chingerezi inayambira ndi m'mene inakulira, kuchokera pa sukulu yofolera ndi udzu kufikira ku yunivesite. Nkhaniyi ikukhudza kholo lililonse, pakuti mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino chotani masamu ndi sayansi. Motero ndi bwino tidziwe kumene aphunzitsi a ana athuwa anachokera, ndiponso m'mene iwo eni anaphunzitsidwira.

Anthu a ku Ntcheu si alendo pa nkhani yosintha chiyankhulo. Angoni a Maseko anafika kuno akuyankhula Chingoni cha kumwera, koma atakhazikika ndi kukwatira akazi a m'dzikomo, ana awo anayamwa chiyankhulo cha amayi awo. Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Nchifukwa chake amishoni atafika anayamba sukulu zawo m'Chinyanja. A Livingstonia anatsegula malo awo ku Livulezi mu 1887. A Zambezi Industrial Mission, mpingo umene Joseph Booth anauyambitsa mu 1892, anamanga ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole, ndipo a Baptist anakhala ku Gowa. Mu 1901 ansembe a Montfort anafika ku Nzama, kwa Njobvuyalema, ndipo mu 1902 a Dutch Reformed Church anatsegula Mlanda.

Pa nthawi yomweyo ulamuliro unali utasintha. Mu 1896 asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa Inkosi Gomani Chikuse ndi kumupha. Kuyambira apo milandu, msonkho ndi makalata a boma zinali m'manja mwa anthu oyankhula Chingerezi. Mnyamata wodziwa chiyankhulochi ankapeza ntchito ya ukalaliki kapena yomasulira pa boma, ndipo akapita ku Salisbury kapena ku Johannesburg ankatha kupeza ntchito ya cholembera m'malo mwa fosholo. Makolo anaziona zimenezi, ndipo anayamba kufuna Chingerezi cha ana awo.

Vuto linali lakuti wochiphunzitsa anali wosowa. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi anali munthu amene iye mwini anaphunzira zaka zochepa chabe, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa kuwerenga Baibulo kapena katekisimu, kulemba ndi kuwerengera. Amishoni enanso sanali ofunitsitsa. A Dutch, amene ankasula aphunzitsi awo ku Mvera ndipo kenaka ku Nkhoma, ankakonda kwambiri chiyankhulo cha anthu ndi ntchito za manja, poopa kuti Chingerezi chidzakokera anyamata ku matauni. Nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915 itatha, azungu ambiri a m'minda ndi m'boma anayamba kukayikira Mwafirika aliyense wophunzira. Komabe magulu a anthu akuda ophunzira sanaleke kupempha sukulu za boma ndi maphunziro apamwamba.

Boma linachedwa kuyankha. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zinayendera dziko lino mu 1924, ndipo mu 1926 ndi pamene boma linakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro. Mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes, yosula aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi. Sukulu za sekondale zinadza pambuyo: Blantyre mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndi Dedza mu 1951. Ya Dedza inali pafupi ndi ana a ku Ntcheu, koma malo anali ochepa, ndipo ambiri mwa ophunzitsa Chingerezi m'sukulu zimenezi anali ochokera kunja.

Ufulu utayandikira, zinaoneka poyera kuti dziko silingadalire alendo mpaka kalekale. Koleji ya Soche Hill ku Blantyre inapatsidwa ntchito yosula aphunzitsi a sekondale, ndipo mkulu wake kufikira mu 1964 anali mlakatuli David Rubadiri. Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu Seputembala 1965 inayamba kuphunzitsa ku Chichiri ndi ophunzira 90. Soche Hill inakhala nthambi ya yunivesiteyo, ndipo mu 1973 inasamukira ku Zomba nkulowa m'koleji ya Chancellor. Mmodzi mwa amene anadzera pa Soche Hill ndi Jack Mapanje, amene pambuyo pake anatsogolera gawo la Chingerezi ku Chancellor kufikira pamene anamangidwa mu 1987. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo Chingerezi chinapitiriza kukhala cha boma ndi cha maphunziro apamwamba. Mwana ankayamba sukulu m'Chichewa, ndipo pofika Sitandade 5 ankayenera kumva maphunziro m'Chingerezi.

Mwina omvera ena akufunsa kuti, kodi munthu wodziwa kale Chingerezi akakaphunzirenso chiyani ku yunivesite? Kudziwa chiyankhulo ndi kwina, kuchiphunzitsa ndi kwinanso. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chingerezi choyankhula chili ndi oposa 10, kotero kuti mwana wa ku Tsangano amamva "ship" ndi "sheep" ngati liwu limodzi. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la liwu, koma m'Chingerezi "light" ndi "right" ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mawu athu amathera pa vawelo, ndipo nchifukwa chake timati sukulu ndi buku. Mphunzitsi wosulidwa bwino amadziwa gwero la zophophonya zoterezi, ndipo amazikonza popanda kumchititsa mwana manyazi. Amaphunziranso malamulo a chiyankhulo, kalembedwe ka chimangirizo, mabuku a Shakespeare pamodzi ndi a olemba a mu Afirika monga Chinua Achebe, ndipo asanamalize zaka zake 4 amapita kukayesera ntchito m'kalasi, aphunzitsi ake akumuonerera.

Wailesi nayo inasenzako gawo lake. Sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata inayamba mu 1965, ndipo maphunziro oulutsidwa pa wailesi ankafika ku sukulu zakutali, kumene mphunzitsi ndi ana ankamvera pamodzi katchulidwe ka mawu.

Mayeso aakulu anadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulaimale. Nduna ya zamaphunziro pa nthawiyo inali Sam Mpasu, mwana wa ku Ntcheu komweko, amene buku lake la m'Chingerezi, Nobody's Friend, linammangitsa ku Mikuyu mu 1975. Ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osadzera ku koleji, amene anayamba kusulidwa ali pa ntchito kuyambira mu 1997. Ana amenewa atakula anadzaza sukulu za sekondale zoyendera, ndipo m'zambiri mwa izo Chingerezi chinagwera m'manja mwa aphunzitsi amene anasulidwira pulaimale. Pofuna kutseka mpatawo, koleji ya Domasi, imene inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, inathandizana ndi Yunivesite ya Mzuzu kuyambira mu 1999, ndipo pambuyo pake panadza koleji ya Nalikule ku Lilongwe. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linanena kuti Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira, ndipo akatswiri ambiri a ziyankhulo anatsutsa, ponena kuti mwana amagwira msanga chiyankhulo chachiwiri akayamba wakhazikika m'chake. Mu 2021 koleji ya Chancellor inatenga dzina lakuti Yunivesite ya Malaŵi, ndipo ntchito yosula aphunzitsi ikupitirira kumeneko.

Mbiriyi ikutionetsa kuti nthawi zonse ana ofuna Chingerezi ndiwo akhala patsogolo, ndipo aphunzitsi odziwa kuchiphunzitsa akhala akulondola pambuyo. Zinali choncho ku Mlanda ndi ku Nzama, zinalinso choncho mu 1994. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa ku Kasinje, ku Lizulu kapena ku Bilira amakumana ndi Chingerezi koyamba pakamwa pa mphunzitsi wake, ndipo chimene wamva m'zaka zoyambazo ndicho amapita nacho ku mayeso. Inu anyamata ndi atsikana amene mwakhoza bwino Fomu 4, ganizirani ntchito imeneyi, ndipo mukamaliza maphunziro musakane kukagwira ntchito kumudzi. Inu makolo ndi mafumu, mangirani aphunzitsi nyumba zoti akhalemo, kuti akabwera asafulumire kuchoka.

Nkhani yathu yathera pamenepa.